Mzinda wa Ng'ona ndi Ukali wa Bambo Anga

Ndili Sitandade 7 ku Mtakataka, m'zaka za m'ma 1970, pakamwa pangapa padatsala pang'ono kundichotsetsa sukulu. Ndinali mtsikana wolongolola, chilichonse chomwe ndamva m'kalasi ndinkakachikhuthula kunyumba.

Tsiku lina aphunzitsi adalemba pabolodi dzina lalitali ngati njanji: Krokodilopolisi. Adati Agiriki atafika ku Igupto adapeza mzinda wina anthu ake akuweta ng'ona padziwe, kuidyetsa buledi ndi nyama, mpaka kuiveka ndolo zagolide. Ndiye adaupatsa dzina limenelo, kutanthauza mzinda wa ng'ona.

Ndidathamanga nayo nkhaniyo. Bambo ndidawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndidawafotokozera zonse, ndi za ndolo zomwe.

Adaika ukonde pansi. "Wati kuweta chiyani?"

Kalanga ine, ndidaiwala! Kwathu kuno ng'ona yoweta ndi ya mfiti basi, yoituma kukagwira munthu padooko. Komanso mng'ono wawo wa bambo adatengedwa ndi ng'ona ali mnyamata, m'manda mwake adangoikamo thunthu la nthochi.

"Ndizikutumiza kusukulu kuti uzikaphunzira ufiti? Kuyambira mawa uzipita ndi amako kumpunga."

Ndidalira mpaka maso kutupa. Amayi ndiwo adawanyengerera: "Bambo ake, yambani mwakamva kwa eni ake."

M'mawa mwake bambo adavala jekete yawo yakutchalitchi, dzuwa likuswa mtengo, ulendo wakusukulu, ine pambuyo. Aphunzitsi adatilandira pakhonde la kalasi.

Moni atangotha, bambo adafunsa, "Aphunzitsi, anthu anu oweta ng'onawo ali kuti lero?"

"Aaa, bambo, nzakalekale zimenezo. Mzindawo udatha, padangotsala mabwinja."

"Onse adatha?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe."

Nkhope ya bambo idamasuka. "Ehee! Ndimadziwa ine. Choweta chawo chomwecho chidawatembenukira."

Aphunzitsi adatsegula pakamwa kuti akonze mawuwo. Atandiona ndikubisala kumbuyo kwa jekete ya bambo, adangowasiya mawuwo momwemo. Mulungu awadalitse munthu ameneyo.

"Lowa m'kalasi iwe," adatero bambo akundikankha pang'ono paphewa. "Ukamvetsetse bwino, ukauze ndi ang'ono ako mathero a anthu oweta ng'ona."

Ndidalowa ndikupukuta misozi ndi mkono. Mpaka tsiku lomwalira, bambo anga okondedwawo ankakhulupirira kuti ng'ona imodzi idamaliza mzinda wathunthu ku Igupto, ndipo ankaikamba nkhaniyo monyadira kwa asodzi anzawo. Ine ndinkangovomera kuti eya, zoona. Ndikanatsutsa bwanji, sukulu yanga yonse itatsamira pa ng'ona imeneyo?