Mlendo wobiriwira amene anakana shuga wanga

Mundikhululukire owerenga, ine sukulu ndinaphunzira ya kumudzi, ndipo za tizilombo ndikudziwa zochepa. Koma nkhaniyi yakana kukhala mumtima.

Sabata yatha m'mawa ndinapeza gulugufe wa usiku atamatirira pa zenera la chipinda cha malume anga kuno ku Laurel, ku Amereka. Anali wamkulu ngati chikhato, wobiriwira ngati tsamba lanthete, mapiko ake ali ndi michira iwiri.

Kwathu mlendo sachoka ndi njala. Ndinasungunula shuga m'chivindikiro cha botolo n'kumuikira pafupi.

Malume anali chigonere, matenda atawamaliza thupi. Anaseka pang'ono.

"Iwe mphwanga, ukuvutikiranji? Ameneyo alibe pakamwa."

"Nanga amadya bwanji, malume?"

"Anadya kale ali mbozi, masamba a m'nkhalango ya kumtsinjeku. Akamera mapiko, kudya kwatha. Masiku ake ndi ochepa, amangofuna mnzake basi."

Anandiuza kuti gulugufeyu ndi wa mbali ino ya kum'mawa kwa Amereka, komwe kuli mitengo yoyoyola masamba. Zaka zonse zimene malumewo anakhala ku Hyattsville, pakati pa nyumba zosanja ndi magetsi, sanamuonepo. Anadzamuona atasamukira kuno, pafupi ndi thengo. Masana gulugufeyu amakhala duu, amauluka kukada.

Akufotokoza choncho, ine ndinali nditanyamula mbale ya phala, supuni ili m'mwamba. Anaikankha ndi chala.

"Ika pansi mbaleyo. Khala apa."

Kodi si mmene tilili ife? Tikaimba foni kumudzi, funso loyamba ndi lakuti wodwalayo wadya. Tikapita kukazonda matenda timanyamula mapoto, tikatula n'kuthamangira kuntchito, ku shifiti. Amayi a kutchalitchi anabweretsa nkhuku, nyemba, ngakhale chikanda cha anzathu a ku Zambia. Furiji inadzaza. Mpando wa pambali pa bedi unali wopanda munthu.

Sindikunyoza chakudya, chonde. Ambiri mwa inu mumasamalira odwala pantchito, mukudziwa zambiri kuposa ine. Ndikungofunsa: munthu akasiya kudya, timadziwa chinanso chomupatsa?

Ndinaika mbale pansi. Malume anandisimbira za mphalabungu zimene ankatola ndi mayi anga ali ana, mpaka tulo tinawatenga.

Gulugufe uja ndinamupeza pansi pa zenera patapita masiku, nyerere zitamuzinga, shuga wanga atauma m'chivindikiro.

Malume anatisiya pa 6 Julaye, tsiku la ufulu wa kwathu.