Tchuthi cha a Yewo ku Hanoi

A Yewo amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Wakefield. Atapeza tchuthi choyamba anati akaone Hanoi, nawonso atumikiridweko. Basi yoonetsa alendo mzinda itaima pakachisi wina, mzungu wina wokalamba anadzandira potsika. Manja a mayi Yewo anathamanga okha n'kumugwira m'khwapa, monga amachitira kuntchito.

Tchuthi chinathera pomwepo. Mkazi wa mkuluyo anawakoleka chikwama paphewa. Wotsogolera ulendo anawalozera benchi: "Inu dikirani apa ndi abwana anuwa, masitepe ndi ambiri."

A Yewo anafuna kukana, koma pakamwa panatuluka mawu achizolowezi: "Palibe vuto."

Anzawo onse analowa m'kachisi. Iwo anatsala padzuwa, akupukuta dovu munthu amene sanawafunse n'komwe dzina.