Kandulo ya pawindo la Mayi Tiina

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pamene ndinayamba kuphunzira Chiestoniya pa yunivesite ina kuno ku Dubai. Mayi anga ankagwira ntchito ya unamwino, ndipo tinkakhala m'kachipinda kamodzi ku Al Mankhool. Chaka chimenecho ophunzira awiri okha ndiwo ankayenera kutumizidwa ku Estonia kukapitiriza maphunziro a makompyuta, ndipo wosankha anali mphunzitsi wa chinenerocho, Mayi Tiina.

Ndinkawaopa mayi amenewo. Sankaseka. Akalowa m'kalasi ankangoti "Tere," moni wawo ndi womwewo, osafunsa ngati kunyumba tadzuka bwino. Ukayankha funso ankakuyang'ana kaye duu, iwe thukuta lili kamukamu ngakhale makina oziziritsa akupuma pamutu pako.

Kumayambiriro kwa Novembala anatiuza za tsiku la mizimu. Kwawo ku Estonia, akuti, anthu amayatsa kandulo pawindo chifukwa cha abale omwe anamwalira. Mawa lake aliyense wa ife anayenera kuyatsa yake ndi kutchula dzina la malemu wake.

Ndinakulira mumpingo, ndipo ndinkadziwa kuti mwana wa Mulungu saitana akufa. Bambo anga anagona ku Ntcheu ali mwa Ambuye. Ndiwadzutse ine ndi kandulo ya mzungu? Koma ndikakana, ulendo uja wathera pomwepo, limodzi ndi mashifiti onse amene mayi anawonjezera chifukwa cha sukulu yanga.

Ndinadandaulira Chanda, mnzanga wa ku Zambia amene tinkakwera naye sitima.

"Iwe sisi, ni kandulo chabe," anatero akuseka. "Ya mabatire futi, chifukwa alamu ya utsi ingalire. Mzimu wa bwanji ungabwere na mabatire? Yatsa, khalas, nkhani yatha!"

"Nanga Mulungu saona za mabatire?"

"Ndiye ukambe kuti wadwala."

Bodza nalonso ndi tchimo. Ndinasala chakudya tsiku limenelo, ndipo pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ndigwireni lilime.

Masana a tsiku la mizimulo makandulo anali atandandalikidwa patebulo, timalawi take tapulasitiki. Mnyamata wa ku Kerala anayatsa ya amalume ake. Chanda anayatsa ya mlongo wake, ndipo sanasekenso. Kenaka Mayi Tiina anati, "Tadala."

Ndinaimirira. Kwathu mwana sakanira wamkulu pamaso. Amazungulira, amapepesa, amanamizira mutu. Ine ndinangotulutsa timawu tiwiri ta Chiestoniya timene ndinkatidziwa bwino: "Aitäh, ei." Zikomo, ayi. Ndinawonjeza kuti chikhulupiriro changa sichindilola.

Mayi Tiina anandiyang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Kwathu wamkulu akakhala chete motero ndiye kuti mlandu wakula. M'maganizo ndinaona mayi anga akuvula nsapato zawo zoyera zakuntchito m'mawa, mapazi atatupa, ine ndikuwauza kuti ndataya mwayi. Potsiriza aphunzitsiwo anagwedeza mutu n'kuitana wotsatira.

Kalasi itatha anandiuza kuti nditsale.

"Ukunjenjemera chifukwa chiyani?" anafunsa.

"Mwakwiya nane, aphunzitsi."

"Ndani wakuuza? Ndimaganizira zimene unanena. Kwathu munthu akalankhula zochokera mumtima sitimuyankha mothamanga."

Anatenga kandulo yawo n'kuizimitsa ndi chala. "Ine sindiitana aliyense, Tadala. Agogo anga aamuna anawakweza sitima mokakamiza kupita nawo ku Siberia, ndipo manda awo palibe akuwadziwa. Ndilibe poti n'kukaika maluwa. Ndili ndi windo basi."

Ine manda a bambo ndimawadziwa, pansi pa mtengo wa mango, ndipo mayi amatuma anthu kukalambulapo.

"Dzina lako ndalilemba kale pa opita ku Estonia," anatero akutola chikwama. "Ukagule jekete lenileni. Zimene mumavala kunozi si majekete."

Ndinapitadi ku Estonia, ndipo ndinabwerako ndi chinenero chawo pakamwa. Kandulo ya akufa sindinayatsepo mpaka lero, ndipo palibe Mwestoniya anandikakamizapo. Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti mantha anandionetsa ng'anjo ya moto pamene panali mayi wolira agogo ake. Ambuye anandipatsa mphamvu yonena kuti ayi, komanso anandikhazika pansi kuti ndimve chisoni cha munthu amene ndinkamuthawa. Chaka chilichonse Novembala akayamba, ndimagwada n'kuwatchula Mayi Tiina dzina pamaso pa Mulungu wa amoyo.