A Bizwick Analibe Utsi

Ine ndine Luckson, ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Limbuli, ndipo njinga ya a Bizwick Namakhwa ndaikonza zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndikati bambo amenewa ndimawadziwa, musanditsutse. Anaigula ndi ndalama yothyola tiyi kuesiteti, komwe bambo awo anakalambira atachoka ku Mozambique, ndipo tsiku lomwelo anasiya dengu n'kuyamba kabaza. Rimu yakumbuyo ndaisintha kasanu ndi kamodzi, masipoko sindingawerenge. Kaliyala ndinachita kukawotcheretsa wa zitsulo zomangira nyumba, poti wakusitolo ankapindika sabata isanathe. Njinga imeneyo yanyamula chimanga chochokera kutsidya ku Milanje, matumba atatu ulendo umodzi, yanyamula amayi apakati, mbuzi, malata, ngakhale bokosi la maliro. Ana awo anayi aphunzira ndi mapedulo omwewo.

Vuto ndi maondo. A Bizwick adutsa zaka makumi asanu, ndipo bondo lakumanja likamafika masana limatupa ngati papaya. Kuchipatala anawauza kuti asiye kupalasa. Asiye adye chiyani? Munda umene ukanawasunga unapita ndi namondwe wa Freddy, madzi anatsika kuphiri ndi miyala, lero pamene panali chimanga ndi chinangwa pali mchenga wokhawokha. Ndiye ankapalasabe, pachitunda paliponse akutsika n'kumakankha, makasitomala n'kumathawira ku njinga zamoto.

Chaka chatha kunabwera bungwe lina ndi nkhani ya njinga zamoto zoyendera batire. Anati aika malo otchajira a sola pamsika, ndipo akabaza makumi atatu alandira njingazo. A Bizwick anafika kwa ine mano onse ali panja. "Achimwene, Mulungu wandikumbukira. Yosapalasa, yosafunanso petulo!" Anauza akazi awo, a Janeti, kuti awasitire malaya akutchalitchi.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, ine ndinakhoma bokosi la masipanala n'kupita nawo. Wolankhula anali mayi wa bungwelo, a Millie, munthu waulemu ndithu, ndisawanamizire. Anafotokoza kuti utsi wa galimoto ndi mafakitale ndi umene ukutenthetsa dziko, mvula n'kumabwera yamisala chonchi. Anati kunja anthu ayamba kusiya galimoto za petulo n'kumagula zamagetsi, ndipo maiko, aakulu ndi aang'ono omwe, anagwirizana kuti aliyense achepetse utsi wake.

Pamenepo ndiye panabuka phokoso. Wina anafunsa ngati galimoto za petulo akuzisiya kumenekozo si zomwezi akutigulitsa ife kuno. Vincent, wa njinga yamoto pasiteji yathu, anati tisamangoloza azungu chala, phirili talimeta tokha ndi makala. Ine ndinamuyankha kuti zoona talimeta, koma ophikira makalawo ali m'tauni, ndipo akuphikira chifukwa magetsi amangozimazima. Kenaka ndinafunsa a Millie kuti utsi wa Malawi yense, utaikidwa pambali pa wa maiko akuluakuluwo, ungaoneke n'komwe? Anavomera kuti ndi wochepa kwambiri. Ndinati, "Nanga miyala inagweranji m'munda mwa a Bizwick, osakagwera kumeneko?" Anthu anaseka, koma ine sindinkaseketsa munthu.

A Bizwick anandikoka shati. "Khalani pansi achimwene, mutiwonongera mwayi."

Inafika nthawi ya mafomu. Anthu anafola, a Bizwick patsogolo penipeni, chitupa chili m'manja. A Millie anawafunsa nambala ya njinga yawo.

"Ilibe nambala, mayi. Ndi yakapalasa."

"Nanga petulo mumathira malita angati pa sabata?"

"Petulo? Ine chibadwire sindinagulepo ngakhale botolo limodzi." Ananena monyadira, akucheukacheuka kuti anthu amve.

A Millie anaika cholembera pansi. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti njingazi akulipira ndi makampani akunja amene amatulutsa utsi wambiri kwawoko. Iwowo amafuna umboni wakuti kuno utsi wachepa, kuti kwawo ntchito zawo zipitirire. Choncho wolandira yamagetsi ayenera kupereka ya petulo imene wayendetsa chaka chathunthu, aiphwanye, awerengere utsi umene wachoka pamsewu.

"Inuyo bambo, pepani kwambiri, mulibe utsi woti tichotse."

Koma abale inu! Munthu wapalasa zaka zonsezi osadetsa mpweya wa wina aliyense, mlandu wake n'kukhala womwewo. Vincent, amene njinga yake imafuka mwakuti iye akafika pa Muloza utsi umakhala udakali pa Limbuli, ndiye analembedwa woyamba, ati ya iyeyo ndi yabwino kwambiri pa chiwerengero chawo. Ine ndinalalata, sindibisa, wolira samugwira pakamwa. Ndinati mukawauze mabwana anuwo kuti anadetsa okha, asamasambe ndi thukuta lathu. A Millie sanakwiye. Anati malamulowo sanalembe ndi iwo, ndipo nawonso amawapweteka mumtima. Ndikuwakhulupirira, koma a Bizwick anatuluka pamzere wopanda fomu.

Pomaliza mayiwo anawapempha kuti awajambule ali panjinga yawo, ati ndi chitsanzo chabwino cha kusamala chilengedwe. Bamboyo, ndi ulemu wawo uja, anakonza kolala n'kugwira handulo bwinobwino. Ine ndinachokapo, ndikanatukwana pamaso pa ana asukulu.

Njinga zamagetsi zinabwera, zobiriwira, zosalira n'komwe. Mtengo wokwerera unatsika poti petulo sagula, ndiye makasitomala amene a Bizwick anatsala nawo, ngakhale okalamba aja ankaopa phokoso la injini, anasamukira komweko. Panali masiku oti amakhala pasiteji kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwendo atautambasula, osanyamula ngakhale nkhuku. Vincent si woipa mtima ayi, nthawi zina ankawasiyira katundu wolemera amene batire yake imakana. Koma katundu wotereyo ndi amene ankamaliza bondo lija, mawa lake bamboyo osadzuka.

Mwezi wa June a Millie anabweranso, ati chaka chamawa kudzakhala gawo lachiwiri, malamulo ndi omwewo. A Bizwick anafunsa funso limodzi lokha, kuti munthu atayamba lero kuyendetsa ya petulo, chaka chikakwana angalembedwe? Mayiwo anati fomu siletsa.

Sabata yotsatira a Bizwick anabwera kwa ine akukankha njinga yawo, ataitsuka mpaka masipoko kuwala. "Achimwene, ndipezereni wogula." Mbuzi ziwiri za a Janeti anali atagulitsa kale, pamodzi ndi malata amene ankasungira khitchini. Ndinawauza kuti imeneyi ndi misala, fodya wako ndi amene ali pamphuno, bungwe likhoza kusintha maganizo kapena osabweranso n'komwe. Ndinakuwa mpaka anthu odutsa anaima. Iwo anandisiya ndimalize, n'kunena kuti zonsezo akuzidziwa.

"Nanga nditani? Akufuna utsi. Ndikawapangire."

Wogula sanachedwe, njinga yolimba ngati imeneyo sigonera pamsika. Ine ndinakana kudyapo kanthu, manja anga sakanalola. Kutsidya a Bizwick anakatengako chinjinga chamoto chotheratu, chomangamanga ndi mawaya, chomwa oyilo kuposa petulo. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti ine za injini sindidziwa, ndiye chikawafera panjira amakankha kupita kwa anthu ena, ine ndikungoyang'ana.

Dzulo anadutsa pano atanyamula matumba awiri a chimanga, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, iwo akutsokomola. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anaphimba mphuno ndi zitenje, mmodzi n'kukuwa kuti, "Akuluakulu ngati inu, mukufuna mutiphe kodi?" A Bizwick anaima, n'kuvula chipewa, n'kupepesa kwa amayiwo mmodzimmodzi. Kenaka anatembenukira kwa ine, maso ali psu ndi utsi, nati, "Yatsala miyezi khumi ndi umodzi, achimwene."