Kamluzu Pansi pa Boneti

Tsiku limene anam'masula mabandeji kuchipatala, makaniko wina anafunsa kuti, "Bwanji simukuyatsa magetsi?" Anali masana, dzuwa likuswa mtengo. Mkazi wake anangogwira pakamwa.

Ine mapazi anga sadziwa kukhala, ndipo nkhani za anthu ndazitola zambiri m'madepoti ndi m'magalaja. Koma iyi, inu amene mukuti zanu zatha, imvetseni bwino.

Makanikoyu batire la galimoto linam'phulikira kumaso ali pantchito, asidi n'kudya maso onse awiri. Munthu amene ankamasula injini akuimba anayamba kuswera pakhonde, kumvera galimoto zikudutsa. Achibale ena anafika ponena kuti bola azikam'khazika pamphambano ndi kambale.

Iye anakana. M'mawa uliwonse ankatenga kabuleta yakale, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya mu injini, kuimasula ndi kuimanganso, mpaka zala zinaloweza kasikuluwu kalikonse. Akatero, mkazi wake ankamutsogolera kugalaja kumene ankagwira kale, kukapempha malo ake. Abwana ankangom'bweza.

Tsiku lina abwana anatopa naye.

"Madala, ine ndimaopa magazi pagalaja panga. Koma chabwino. Nayi galimoto yakale ya apongozi anga. M'mawa siilira mpaka tiikankhe. Ikalira imangonjenjemera ngati yagwidwa malungo, ukangochotsa phazi n'kuzima. Mapulagi tasintha, sefa ya petulo tasintha, ayi ndithu. Kunyumba sakundiyankhanso moni. Mukapeza nthenda yake, ovolosi yanu ilipo. Mukalephera, musadzabwerenso. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

Mnzake wina amene ankagwira naye kale anaseka. "Aise, ife a maso awiriawiri yatikanika. Iwe uiona ndi chiyani?"

"Ingoilizani."

Sitata inazungulira mwamphamvu, iye n'kudziwa kuti batire lilibe mlandu. Injini inatsokomola, n'kutsokomolanso, kenaka inalira mobangula. Mkazi wake anam'perekeza kumbuyo kwa galimoto, iye n'kununkhiza utsi. Fungo la petulo wosapsa munalibe. Ndiye kuti injiniyo sinkakhuta mafuta mopitirira. Mwina inkameza mpweya wochuluka.

"Ndani anaikwezera moto chonchi?"

"Ndife. Timati isamazime."

"Ndiye mwabisa nthenda m'phokoso. Zimitsani wailesi. Wokhoma chitsuloyo ayambe waleka."

Pagalaja panati zii. Anapapasa kabuleta mpaka kupeza kasikuluwu kamene anzake anakweza, n'kuyamba kukabweza pang'onopang'ono. Phokoso linatsika. Galimoto yonse inayamba kugwedezeka, boneti likuchita phwetephwete.

"Izimatu!" anakuwa abwana.

"Isiyeni ilire yokha. Osaponda moto."

Anawerama, khutu pafupi ndi injini, thukuta likudontha pachitsulo chotentha. Pansi pa kugunda konseko anamva kanthu: kamluzu kakang'ono, tsiii, ngati mwana akuyamwa mpweya pakati pa mano.

Analowetsa dzanja. Fani inkazungulira pafupi ndi chigongono chake, mphepo yake ikum'nyambita khungu.

"Abambo, fani!" Mkazi wake anam'gwira malaya kumsana. "Maso anapita, tsopano mukufuna zala zipitenso?"

"Ndigwire choncho, mayi. Usandikoke."

Zala zinayenda pa timapaipi ta mpira, kamodzikamodzi. Koyamba, kabwinobwino. Kachiwiri, kabwinobwino. Injini inaphonya, n'kutsala pang'ono kufa. Abwana anapumira m'mwamba n'kuyamba kutembenuka kuti azipita.

Kuseri kwa kabuleta, chala chinakhudza kapaipi kouma gwa. Pamwamba kanali kosalala. Kunsi, kumene diso silifika, chinachake chinam'yamwa khungu la chala. Anatsekapo ndi chala chachikulu.

Kamluzu kanaleka. Kunjenjemera kunatha. Injini yakaleyo inayamba kulira mofatsa, myaa.

Anachotsa chala, malungo n'kubwerera. Anatsekanso, n'kudekha.

"Kapaipika kanang'aluka kunsi," anatero. "Mpweya ukulowera pomwepa n'kusungunula petulo. N'chifukwa chake m'mawa imakana."

Mnzake woseka uja anathamanga yekha kukadula kapaipi katsopano, n'kukaika pamalo pa kakale. Anazimitsa injini, n'kudikira kuti izizire. Abwana analowa okha n'kupotoza kiyi.

Inalira kamodzi n'kamodzi.

Abwana anatuluka, n'kukatenga ovolosi ija pa msomali pamene inakhala nthawi yonseyi. "Valani, madala. Koma dzanja pafupi ndi fani, musadzabwerezenso ine ndikuona."

"Ndiye muzitsinzina, bwana. Ine ndinazolowera."

Mkazi wake anaseka uku misozi ikutsika.

Pamene ndinam'peza, galimoto zokana kulira zinali pamzere, ndipo iye anali ndi ophunzira ake, akuwauza kuti atseke maso ayambe amvetsera.

Inu amene mwataya chimene munkadalira, werengani zimene zatsala. Iye anatsala ndi khutu, mphuno, zala, ndi munthu wom'gwira malaya. Dzukani mawa mukagogodenso pomwe anakubwezani. Osataya mtima, abale anga.