Batire la Zaka Zingati?

A Stefano Nahache anayendetsa galimoto zaka makumi atatu ndi zisanu osaponda ngakhale nkhuku. Anayamba ndi lole yonyamula tiyi ku Thyolo, kenako minibasi za pakati pa Boma ndi Limbe. Atapuma ntchito anakhazikika kwa akazi awo, a Mervis, kuseri kwa msika wa pa Boma, nkumalima nandolo ndi kukangana ndi mbuzi za eni. Mkamwini wofatsa, wosadziwa mantha, kapena tinene wosaonetsa. Mantha anawapeza ali ndi imvi kale, chaka chomwe impso za a Mervis zinasiya kugwira ntchito.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unali Lachiwiri ndi Lachisanu. Masiku awiriwo a Mervis ankayenera kukafika ku chipatala chachikulu ku Blantyre kuti makina akawasefe magazi. Kagalimoto kawo kakale kankayesetsa ndithu. Koma mafuta atasowa, a Stefano anaima pamzere masiku atatu nkubwerako chimanjamanja, minibasi nazo zitaima, ndipo Lachisanu lina linadutsa osapita kuchipatala. Pofika Lamlungu a Mervis anali atatupa mpaka kumaso, akupuma movutikira. Anapulumuka, koma kuchokera tsiku limenelo a Stefano akangomva pawailesi mawu oti mafuta, ankatuluka kukaona otsala m'thanki.

Mwana wawo Angella, yemwe amagwira ntchito ku Joni, ndiye anadula nkhani. Anati agule galimoto yamagetsi, poti masola padenga analipo kale. Anawapezeranso a Bilal, wamalonda wa ku Limbe woitanitsa magalimoto kunja.

A Stefano anamusowetsa mtendere munthuyo mwezi wathunthu. Batire likatentha siliphulika? Nanga madzi akadzadza msewu? Nanga magetsi akazima sabata yonse? A Bilal anayankha zonse modekha, ndipo Loweruka lina m'mawa anabwera ndi galimoto ziwiri pakhomo pomwepo kuti mayi asavutike ndi ulendo. Abale a a Mervis anatulukira mbali zonse. Kwathu kuno galimoto yachilendo siifuna kalata yoitanira anthu.

Imodzi inali yaikulu, yokwera bwino, mipando yake yofewa, chitseko chotakasuka. Inayo kanali kanthu kakang'ono, kotsika, kolimba ngati ngolo.

"Madala, ine sindikunamizani," anatero a Bilal. "Yaikuluyi ndi yabwino, koma batire lake latopa, ndipo mtundu wakewo sugwirizana ndi kutentha kwa kunoku. Zaka zitatu ikutumikirani. Kupitirira apo sidzafika ku Blantyre nkubwerako. Kakang'onoka batire lake ndi lija amati lachitsulo. Muzilidzadza tsiku lililonse, padzuwa pomwepa, zaka khumi lidzakhala lilipobe. Ndiye funso ndi limodzi basi. Mukuifuna ya zaka zingati?"

Funso labwinobwino la malonda, ndipo a Bilal sanaganize zoipa. Koma pakhonde panali a Mervis, miyendo yotupa itasanjikidwa pampando. Galimotoyo inali ya ntchito imodzi yokha, ndipo aliyense pabwalopo ankaidziwa ntchitoyo. Chomwe sankadziwa nchakuti mwezi wa Juni dokotala anawaitanira pambali a Stefano nkuwauza mawu omwe sanaululire munthu, ngakhale Angella.

A Stefano anayang'ana galimoto ziwirizo. Akanati zitatu, ndiye kuti awerengera masiku munthu ali chikhalire, pamaso pa abale ake, mkamwini nkukhala ngati akudziwapo kanthu. Akanati khumi, ndiye kuti awapanikiza mayiwo m'kabokosi kaja kawiri pa sabata, pamsewu wa mabampu, chifukwa cha zaka zomwe dokotala sanalonjeze. Anazungulira yaikuluyo, nagogoda tayala ndi nsapato, nasuzumira pansi ngati pali choti aone. Ankaopa kutchula nambala, ankaopanso kuti akachedwa a Mervis awawerenga pankhope.

"Alamu, yankhanitu," anatero mlongo wa a Mervis. "Si inu dalaivala?"

Apo ndi pomwe mpando unalira pakhonde. A Mervis anadzuka, nakana dzanja la aliyense, nayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anaima pa yaikulu ija nkusisita mpando wake nthawi yaitali ndithu. A Stefano anawayang'anitsitsa. Anadziwa kuti mayiwo akangokhalapo, ndiye kuti zija za mwezi wa Juni anazimva.

Sanakhalepo. Anapita pa kakang'ono kaja. Kulowamo inali ntchito yowawa kuiona. Anawerama, nabuula, nadzigwetsa pampando, kenako ananyamula mwendo umodzi ndi manja awiri nkuulowetsa, nateronso ndi winawo. Thukuta linali chuchuchu.

"Bambo a Angella," anaitana, mpweya ukuwathera.

A Stefano anathamangira pachitseko, nagwada kuti amve.

"Chitseko cha dokotala uja sichitsekeka bwino," ananong'ona a Mervis. "Ndinamva zonse. Koma iye si Mulungu, ndipo ine sindinatsanzike munthu. Muwauze a Bilal atenge yawo yofewayo azipita."

A Stefano anatseka chitseko mosamala kuti chisagunde bondo lija, nazungulira kupita mbali ya dalaivala, akupukuta m'maso ndi chipewa.