Chikhadabo cha a Darmaji

A Darmaji analibe zambiri zodzitama nazo. Sukulu anailekera panjira, khutu lakumanzere linagontha ndi madzi akuya, manja ali zipsera zokhazokha. Koma chinthu chimodzi ankachinena paliponse, ngakhale pamaliro: pa zaka makumi atatu zomwe ankamira m'nyanja ku Bangsring kusaka anemoni, sanang'ambepo phazi ngakhale limodzi.

Anemoni wa mtundu womwe ankasakawo amayala thupi lake pansi ngati kapeti, kukula kwake ngati lichero. Ukamuona ungati ndi duwa, koma ndi nyama, ndipo kunsi kwake kuli phazi lofewa lomwe amamata nalo pamwala. Ukaling'amba, amaoneka bwinobwino masiku awiri, kenako n'kuyamba kuola. A Darmaji ankamumatula ndi chikhadabo cha chala chachikulu, pang'onopang'ono, nthawi zina mpaka kubwereranso mawa lake, uku mkono ukuyabwa ngati agwira chitedze. Anzawo ankakanganula ndi zitsulo, n'kumawaseka kuti akufunsira mbeta pansi pa nyanja.

Chifuwa chitawaletsa kumira, anapeza ntchito mumzinda wa Surabaya yosamala thanki lagalasi la madzi amchere m'nyumba mwa a Hendarto, mwini masitolo a matailosi. Mkulu ameneyu sanalowepo m'nyanja kupitirira m'mawondo, koma alendo akabwera ankalankhula ngati anabadwira momwemo. Ankagogoda galasi ndi mphete kuti nsomba zibwere kudzapereka moni.

Atagula anemoni wabuluu, analamula kuti akhale kutsogolo, pakati penipeni, moyang'ana sofa. Nanga anemoni adziwa chiyani za sofa? Kuwala kwa nyale pamenepo kunamuchulukira. Pokwana sabata anali atasuntha yekha, n'kukalowetsa phazi mumng'alu wa mwala wakuseri, moyang'ana khoma. Tinsomba tiwiri tamizeremizere tomwe tinkagona mwa iye tinamutsatira komweko. A Darmaji anakondwa mumtima, chifukwa kumeneko ankadya bwino nkhanu zomwe ankamupatsa.

Loweruka linali tsiku la chinkhoswe cha mwana wamkazi wa a Hendarto. Tsikulo, dzuwa litakwera, bwanayo anaima pathanki paja manja ali m'chiuno.

"Madala, chinthu changa chija chili kuti?"

"Chili kuseriko, bwana. Chapeza malo ake."

"Malo ake? Nyumba ino ndi yake? Apongozi akufika folo koloko. Adzaone miyala?"

"Ndipatseni masiku atatu. Ndimutchingira kuwala, atuluka yekha."

"Masiku atatu! Ndikauze apongozi kuti adikire nyama yopanda mutu? Paja mumati ndinu katswiri, madala. Chikhadabo chanu chotchukacho chatha? Nenani, ndiitane a kusitolo komwe ndinachigula abwere ndi mpeni."

A Darmaji ankawadziwa a kusitolowo ndi mipeni yawo. Anavula malaya, n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa.

Anayamba chakumasana. M'mbali mwa phazi munamatuka bwino, monga kale. Koma pakati pake panali mkati mwenimweni mwa mng'alu, momwe chikhadabo sichikanafika. A Hendarto ankangozungulira kumbuyo kwawo atavala malaya atsopano a batiki, akununkhira mafuta, mphindi zisanu zilizonse: "Zatheka?" Kenako kugeti kunamveka hutala ya galimoto.

"Kokani, madala! Kokani basi!"

Anakoka. Palibe chinamveka. Anangomva pachala, ngati nsalu yakale yonyowa ikung'ambika.

Anemoni anayala thupi lake labuluu kutsogolo, moyang'ana sofa, ndipo alendo anaiwala mpunga wachikasu patebulo, aliyense ndi foni yake kujambula. Bambo wa mnyamata wofunsirayo anapukusa mutu mosirira.

"Achimwene, muli ndi dzanja labwino."

"Chinsinsi chake n'kuleza mtima," anayankha a Hendarto, munthu wopanda manyaziyo.

Nthawi imeneyo a Darmaji anali kukhitchini, akutsira viniga pamkono wotupa. Kuyabwako anali atakuzolowera kalekale. Chinkawapweteka n'chakuti panalibe woti amuloze chala. Dzanja linali lawo.

Lachiwiri kamwa la anemoni linali yasa, m'mbali mukusungunuka, fungo likufika kukhonde. A Darmaji anamutulutsa msanga asanaphe nsomba zonse, n'kukamukwirira pansi pa mtengo wa mango. Tinsomba tiwiri tija tinkangozungulira pamchenga popanda kanthu. A Hendarto sanakweze n'komwe maso pafoni.

"Mukagule wina. Koma musankhe wosayendayenda."

Pa chikondwerero cha Idi a Darmaji anapita kwawo ku Bangsring. Atakhala pamalo omwera khofi ndi anzawo akale, Sukirno, yemwe ankamira nawo limodzi, anawagunda ndi chigongono.

"Katswiri wafika! Tauzani anthuwa, achimwene, mapazi angati munang'amba pa zaka makumi atatu?"

Onse anaseka, akudikira yankho lomwe analimva kambirimbiri. A Darmaji anatakasa khofi wawo ndi supuni, n'kumutembenuzira Sukirno khutu logontha lija.